Lufina, Woumba Mitsempha Yodwala

Mukafika pa Mlangeni n'kufunsa za Lufina, akulozerani nyumba yake mosavuta, koma ayamba atsitsa kaye mawu. Ena amati "mayi wa zidole uja," ena amangoti "uja anadwalitsa amuna ake." Ine ndikamva zimenezi ndimapsa mtima, chifukwa mayiyu ndimamudziwa kuyambira tili atsikana kwathu ku Kandeu, ndipo ndagona naye chipinda chimodzi zaka zingapo. Ine ndine Eliness. Ndimasesa ndi kutsuka ziwiya pa nyumba ina pa Boma la Ntcheu, pomwe timapanga miyendo ndi mikono yoyerekezera yoti ophunzira zachipatala aziyeserapo ntchito asanakhudze munthu wamoyo.

Lufina anabadwira m'banja la oumba. Amayi ake ankaumba mbiya, mitsuko ndi nkhali, ndipo iye anayamba kukanda dongo asanadziwe n'komwe kumanga chitenje. Ife anzake tikamaumba tiana tamitu ngati maungu, iye ankaumba ng'ombe yoti ukaiona umadziwa kuti ndi ya bambo uje, yothyoka nyanga ija. Ankatha kutsinzina, n'kuyendetsa chala m'kati mwa mphika wauwisi, n'kunena kuti apa papyapyala, padzang'aluka pamoto. Ndipo pankang'alukadi pomwepo. Tsoka lake n'lakuti pamene ankakula, zidebe zapulasitiki ndi masefuliya zinali zitadzaza kale m'misika, moti mbiya zinkapita kumsika n'kubwerera kunyumba.

A Paison anakumana naye pa Lizulu, iye akugulitsa mbaula zadongo, iwo akugulitsa mbatatesi. Anali bambo wansangala, wovina ngoma wodziwika, woti akaponda pansi fumbi limafika m'maso mwa oonerera. Anamutenga chitengwa kupita naye kwawo ku Mlangeni, ndipo kumeneko anabereka mwana mmodzi, Tisunge, amene anakula n'kukakwatiwa ku Balaka. Amene munakhalapo mtengwa mukudziwa zimene ndikunena. Umalima munda wa eni ake, umaphika pa maliro onse a pamudzipo, tsitsi limachita kuyera uli pomwepo, koma pakagwa nkhani yaikulu amakuuza kuti dikirani, eni mbumba alankhule. Pamudzi pa a Paison wolankhula anali mlongo wawo wamkulu, a Zelesi.

Ntchito ya mitsempha inamupeza pamsika pomwepo. A Raphael, bambo amene anagwira ntchito m'zipatala mpaka kupuma, anaima tsiku lina kuti agule kabichi, n'kuona ting'ombe tadongo timene Lufina ankaika pambali pa mbaula kuti tikope ogula. Ananyamula kamodzi, n'kukatembenuza, n'kupeza kuti kumimba kwake kuli timitsempha topita ku bere, tokhotakhota monga zimakhalira pa ng'ombe yamkaka. Kabichi uja anamuiwala. Iwo anali atayambitsa kabungwe kopanga ziwalo zoyeserera, chifukwa zochokera kunja zikang'ambika palibe wozikonza. Zipangizo anali nazo, zithunzi anali nazo, koma mitsempha imene ankapanga ndi manja awo inkaoneka ngati mapaipi a pamjigo.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Lufina amafewetsa phula la njuchi m'manja n'kuumba mtsempha ndi nthambi zake zonse, akuyang'ana zithunzi zimene a Raphael amupatsa. Akatha amaupaka silikoni, mankhwala onanda amene akauma amasanduka labala wofewa. Amapaka, kudikira, kupakanso, mpaka chala chake chitavomera kuti khungu la mtsempha lakwana. Kenaka ine ndimauviika m'madzi otentha, phula lija limasungunuka n'kutuluka, pamatsala kapaipi kofewa kamphako. Timakayala m'chikombole chooneka ngati mwendo n'kuthiramo jeli, amene akazizira amagwirana ngati msuzi wa mang'ina wogonera. Ukaika makina a sikani pamwendo umenewo, pa sikirini pamaoneka zofanana ndi za m'thupi mwa munthu.

Mitsempha yabwinobwino aliyense akhoza kuphunzira kupanga. Imene inamutchukitsa Lufina ndi yodwala. Ankapanga yotupa yopiringizika, yonga ya amayi amene abereka kambiri, ndi ina yothina m'kati imene ankaimata makoko a mazira opera kuti izikhala yokhakhala. Koma imene masukulu ankaifuna kwambiri ndi ya magazi oundana. A Raphael anamufotokozera kuti munthu akagona nthawi yaitali osayenda, magazi amatha kugwirana mumtsempha waukulu wa m'mwendo n'kupanga chibuma. Mtsempha wabwino ukaudinikiza ndi makina umaphwatalala, koma wachibuma umakana, umangokhala wozungulira. Lufina anavutika nacho chibumacho miyezi, akusakaniza jeli ndi ufa wa chinangwa ndi utoto wofiira, mpaka anapeza cholimba moti n'kukana makina, koma chofewa moti n'kunyenyeka.

Kunyenyekako kunali ndi ntchito yake. Ophunzira akabwera, a Raphael ankalumikiza mwendowo ku pampu yoyendetsa madzi ofiira, paipi yoonekera m'kati n'kukathera pa siponji imene ankati ndiyo mapapo. Ndiye ankaitana wophunzira mmodzi n'kumuuza kuti, "Agogo anu atupa mwendo, tawasisitani." Wophunzira akafinya katumba, kachibuma kankathothoka, n'kuyenda m'paipi muja aliyense akuona, n'kukatseka pa siponji. Madzi ankaima. A Raphael ankavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani anamfedwa." Ophunzira ankaseka, ifenso tinkaseka, ndipo Lufina ndiye ankatola kachibumako n'kukabwezera m'malo mwake kuti gulu lotsatira lidzaphenso agogo awo.

Popeza Mlangeni ndi patali kuyenda tsiku ndi tsiku, Lufina ankagona pa Boma kuyambira Lolemba n'kumapita kwawo Lachisanu. Tinkakhala tonse m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya ntchito, khomo limodzi, mphasa ziwiri. Ndikamati ndimamudziwa ndikutanthauza zimenezo. Mayi ameneyu akaweruka ankangosamba, kudya, kupemphera, n'kuyamba kuliza mkonono woti mwamuna aliyense wobwera mozemba akanathawa asanagogode. A Paison nawo ankamunyadira. Pamsika ankauza anzawo kuti akazi awo amaphunzitsa madokotala, ndipo akatopa ndi ndiwo zophika okha ankati, "Lachisanu lifike, dzanja la make Tisunge pa mchere ndi lina."

Chaka chatha, nyengo yozizira, a Paison anagwa ndi njinga pamtsetse atamanga matumba a mbatatesi opita ku Lizulu. Anapweteka bondo lamanzere, nagona pamphasa masabata angapo, kudzuka kwake kongopita kuseri. Bondolo linayamba kupola. Koma Lufina atafika Lachisanu lina anapeza mwendo wonse watupa kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, wotentha, khungu likunyezimira, pomwe mwendo winawo unali bwinobwino. A Zelesi anali pamphasa pomwepo ndi beseni la madzi otentha, akuthowa ndi kufinya katumba ndi manja onse awiri.

Lufina anandiuza kuti sakumbukira kumene anaponya chikwama. Anangozindikira atagwira manja a alamu ake akukuwa kuti, "Siyani! Siyani, muwapha!" Taganizani, mtengwa kukuwira mwini mbumba pamaso pa mlongo wake. A Zelesi anapukuta manja pachitenje mosafulumira, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwapha ine?" anatero. "Alamu, amene akupha mlongo wanga akudzidziwa yekha."

Kwathu kuno mwamuna akatupa miyendo, anthu amaganiza za mdulo, ena amati tsempho. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za amuna ake, wawadula: amatupa, amamva chifuwa, kenako amalavula magazi. Mankhwala ake alipo, koma amati sagwira ntchito mpaka wolakwayo ataulula ndi pakamwa pake n'kumwetsa wodwala ndi dzanja lake. Ndipo chimene chinatseka njira yonse ndi ichi: amati munthu wa mdulo akabayidwa jekeseni mdulowo usanachotsedwe, amafa. Ngakhale sindiwakonda a Zelesi, ndiyenera kuwanenera zoona, sankanena izi mwa njiru chabe. Amuna awo anatupa, anapita nawo kuchipatala, anabayidwa, n'kubwerako m'bokosi. Mlongo wawoyu ndiye anali m'bale yekha amene anawatsalira.

Lolemba Lufina anabwera kuntchito maso atatupa, nafotokozera a Raphael zonse. Iwo anati bamboyo akufunika kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anayamba kale kufuna makiyi a galimoto. Lufina anawagwira mkono. A Zelesi anali atamufunsa kale ngati bwana wake uja ali ndi banja, ndiye bwanayo akakaima pakhomo ndi galimoto, pamudzi sipakanafunikanso umboni wina. M'malo mwake Lufina anabwereka mwendo woyeserera uja, pampu ndi siponji, nakulunga m'chitenje. Ndinamuperekeza ku depoti. Phazi linkatulukira kunja kwa chitenje, moti mayi amene anakhala naye pafupi mu minibasi anasamukira mpando wakumbuyo.

Anakazilumikiza zonse pakhonde, a Paison atatsamira khoma, a Zelesi atakhala pambali. Anapopa madzi, nafinya katumba monga alamu ake ankafinyira, kachibuma n'kuthothoka, kuyenda, kukatseka pa siponji. Akuti a Paison anagwira pachifuwa pawo. Koma a Zelesi anangofunsa kuti, "Chidole chanuchi chimadya ndiwo? Chili ndi mkazi wogona ku Boma?" Ndipo ananyamuka kukatereka madzi ena othowera.

Atatsala awiri, a Paison analankhula motsitsa. "Make Tisunge, ine sindikukuimbani mlandu ayi. Koma ndagwapo ndi njinga kambirimbiri, ndinatupapo chonchi? Ngati chilipo, mungonena, sindikuthamangitsani."

"Palibe, bambo a Tisunge. Ndikulumbira, palibe."

"Nanga mukakhala kuti mukuchita manyazi, ine n'kukabayidwa? Ndikuopa kufa, make Tisunge."

Umo ndi m'mene anamangidwira mnzanga. Akati palibe, ankati akubisa, amuna ake sapita kuchipatala. Akalira, ankati chikumuvuta mumtima. Akakhala chete, ankati wasowa chonena. Anaimbira foni ankhoswe a kwathu ku Kandeu, iwo anati wodwala ali ndi eni ake, mtengwa sangatulutse munthu pamudzi abale ake asanalole. Kuntchito sanabwerenso sabata imeneyo. Ankangokhala pafupi ndi mphasa kulondera mwendo, a Zelesi akabwera ndi beseni iye n'kuugonera ndi thupi lake lonse. Mchere anali atamuletsa kale kukhudza. Anandiuza pa foni kuti a Paison akangotembenuka kapena kuyetsemula, iye amaona paipi ija m'maso mwake, kachibuma kakuyenda.

Loweruka m'mawa anandiitana kuti ndikakhale mboni, popeza ine ndi amene ndimagona naye. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi kuti ndioneke munthu wodalirika, n'kukwera minibasi yoyamba. Ndinapeza a Paison awatulutsira pakhonde kuti aothere dzuwa, milomo itauma, akupuma mofulumira ngati munthu amene wakwera phiri. Amayi angapo a pamudzipo anali atakhala pabwalo. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza zonse: khomo limodzi, mphasa ziwiri, mkonono, zonse.

A Zelesi anandimvetsera mpaka ndinatha. "Zikomo, mayi," anatero. "Inu amuna anu ali kuti?"

"Tinasiyana kalekale."

"Eya. Ndiye awiri inu mumasungirana chinsinsi bwino."

Amayi aja anaseka chamumtima, ena anaphimba pakamwa. Ndinali pafupi kuwayankha mawu oti sakanawaiwala mpaka kumanda, koma a Paison anayamba kutsokomola. Anatsokomola atagwira nthiti, nkhope itakwinyika, n'kulavulira pansi. M'malovumo munali magazi.

A Zelesi analoza pansi. "Mwaona? Mwaona inu nonse? Wafika pachifuwa! Amuna anga anayambanso chonchi!" Ndipo anayamba kulira, kulira kwenikweni, atakumbatira mutu wa mlongo wawo.

Lufina nayenso ankayang'ana malovu omwewo. Ine ndinadziwa zimene ankaona, chifukwa siponji ija ndimaitsuka ndine. Kachidutswa kakang'ono kanali katathothoka kale n'kukafika, chachikulu chikadali m'mwendo kudikira nthawi yake. Anayang'ana amuna ake, anayang'ana msewu. Kenako anafunsa ndi mawu ouma, oti sindinawamvepo kwa iye.

"Alamu, munthu akaulula, mankhwala akamwa, kuchipatala mulola apite?"

"Mdulo ukachoka jekeseni sapha."

"Lero lomwe? Dzuwa lisanapendeke?"

"Lero lomwe. Mankhwala ndinakatenga kale kwa asing'anga, akungodikira pakamwa panu."

Lufina anamasula chitenje n'kuchimanganso mothina. Anagwada pa dothi, pamaso pa amayi onse aja, nati, "Ndinalakwa. Ndinayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere."

Ine ndinakuwa. "Iwe Lufina, wapenga? Bodza limenelo!" Anandicheukira n'kundiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinamvetsa chimene ankachita.

"Ndani?" anafunsa a Zelesi. "Bwana wanu uja?"

"Ayi. A Raphael ndi munthu wamkulu, musawaipitsire mbiri. Ndi dalaivala wa thiraki wa ku Mozambique."

"Dzina lake?"

"Sindinafunse."

Amayi aja anati "Ii!" onse pamodzi. Mwa mabodza onse amene akananama, anasankha lonyansa kwambiri, la mkazi wogona ndi munthu amene sakumudziwa ndi dzina lomwe, chifukwa linali bodza lokhalo loti silikanagwetsa munthu wina m'mavuto. A Paison anatembenukira kukhoma. Sanatukwane, sanafunse kanthu, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Ndinaona bambo wovina ngoma akulira ngati mwana, ndipo ndinamva chisoni ndi ukali nthawi imodzi.

Zotsalazo zinachitika mofulumira. A Zelesi anatulutsa kamphika ka mizu yowiritsa, Lufina anatsina mchere n'kuthiramo, n'kumwetsa amuna ake ndi dzanja lake. Asanameze n'komwe bwinobwino iye anali atathamangira kale kumsewu, komwe anaimitsa galimoto yonyamula kabichi. Sanalole kuti a Paison aponde pansi. Anawanyamulitsa pamphasa pomwepo, ndipo njira yonse anakhala atafungata mwendowo pamiyendo pake kuti usagundike, akukalipira dalaivala pa bampu iliyonse.

Kuchipatala anatilandira dokotala wachitsikana. Anapaka mafuta pantchafu ya a Paison, naika makina, ndipo pa sikirini panaoneka kabwalo kakuda. Anadinikiza, kabwalo kanakana kuphwatalala. Anadinikizanso pang'ono, kanakanabe. Lufina anali ataumba chinthu chimenechi zaka zonsezi osachionapo chenicheni, ndipo anachiona koyamba m'mwendo mwa amuna ake. Anasendera pafupi ndi sikirini misozi ikutsika, n'kundinong'oneza kuti, "Changa chija m'mphepete ndimasalaza kwambiri."

Achipatala anawabaya a Paison majekeseni apamimba, kenako anawapatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana oti amwe miyezi ingapo. Anagonekedwa masiku angapo ali pa mpweya. Dokotala uja anati akanachedwa pang'ono tikananena zina. A Zelesi, amene anachezera pakhonde la wodi masiku onsewo, anagwedeza mutu n'kuvomereza kuti inde, alamu akanachedwa kuulula tikananena zina.

A Paison anachira. Kutupa kunaphwa, chifuwa chinaleka, ndipo mvula isanagwe anali atayamba kale kupita kudimba. Kuchira kwawoko ndiye kunamaliza kumutsekera mnzanga. Pamudzi ponse nkhani inali imodzi: bambo anatupa, mkazi anakana, bambo analavula magazi, mkazi anaulula, bambo anachira. Ungatsutse potani? Ine ndayankhula mpaka mawu kusasa, pa mjigo, mu minibasi, pa maliro. Ndimati munthuyu ananama kuti apulumutse amuna ake. Amandiyankha kuti ndine mnzake wabwino, Mulungu andidalitse.

Kutchalitchi anamuimitsa mgonero ndi kumuvula yunifolomu ya amayi. Tisunge anabwera kudzaona bambo ake, n'kubwerera ku Balaka osalowa m'khitchini mwa mayi ake. Ankhoswe a mbali zonse anakumana, ndipo a Paison anasunga mawu awo, anakana kumuthamangitsa. Anthu mpaka lero amawatama kuti ndi bambo wa mtima wabwino. Chimene anagamula n'chakuti Lufina asadzagonenso kunja kwa mudzi, ndipo pa Lizulu, pomwe pamaima mathiraki, asamapite yekha.

Anayesapo kamodzi kubweza mawu. Anadikira a Paison atalimba, tsiku lina akusankha mbewu ya mbatatesi awiriwiri, n'kuwauza kuti, "Bambo a Tisunge, zija ndinanena zija ndinanama. Ndinkafuna mupite kuchipatala." Akuti iwo anasiya mbatatesi, nkhope itagwa ndi mantha, n'kugwira mwendo wawo.

"Musatero, make Tisunge. Mukabweza mawu, matenda abwerera. Mukufuna nditupenso?"

"Koma ndi zoona zimene ndikunenazi."

"Ngati munanama, ine ndinachira bwanji? Zinatha zija. Ndinakukhululukirani ndi mtima wonse, musadzivutitse."

Kuyambira tsiku limenelo sanayambitsenso nkhaniyo. Ndinamufunsa chifukwa chake, ndikumukalipira monga mwa chizolowezi changa. Anati a Paison akamva nkhaniyo sagona, amangokhalira kupapasa katumba, ndipo tsiku limenelo anakana kumwa mapiritsi ochokera m'dzanja lake. Ndiye anasankha kuti akhale mkazi wokhululukidwa, bola mapiritsi azimwedwa.

Ntchito sanasiye, a Raphael anakana kumutaya. Masiku ano amaumbira pakhonde pake ku Mlangeni, ine ndimamupititsira phula n'kukatenga mitsempha youmba kale, nditaiyala m'beseni ndi kuphimba nsalu yonyowa kuti isafewe ndi dzuwa la mu minibasi. Kupaka silikoni ndimapaka ine tsopano, ndipo a Raphael amangopukusa mutu. Ophunzira a masiku ano amene amafinya katumba n'kuseka sanamuonepo mayi amene amawaumbira agogo awo. Zibuma zake zasintha, m'mphepete sasalazanso, ndipo aphunzitsi a m'masukulu akuti tsopano zikufanana kwambiri ndi zenizeni. Amayi a pamudzi akamadutsa pakhondepo amapereka moni ali chiimire, sakhala pansi.

Loweruka lapitali ndinafika dzuwa lili pamutu, ndinamupeza akuphika nyemba kukhitchini. Wachepa thupi mnzanga, ndipo kuseka kwake kuja kumachita kufunika kukukumba. Tinakhala pamafuwa tikucheza za kwathu ku Kandeu, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Nyemba zitapsa anavundukula, natakasa, n'kuika chikombe pambali. Ine ndinayang'ana pa alumali pomwe pankakhala kabotolo ka mchere. Panalibe. A Zelesi ananena kalekale kuti mwambo unatha, mtengwa akhoza kuthira, koma kabotoloko sikanabwererenso kukhitchini. Palibe amene analamula, ndipo palibe amene amafunsa.

Lufina anasuzumira pakhomo. "Bambo a Tisunge, zapsa."

A Paison anali kutsidya kwa bwalo akukonza tcheni cha njinga. Anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo kaja m'thumba la malaya. Anandipatsa moni mwansangala monga kale, nandifunsa za ku Boma, nandiuza kuti mwezi wamawa akavina ngoma pa ukwati wa mwana wa mnzawo. Kenako anawerama pamphika, anatsina mchere, anathira, anathiranso pang'ono, n'kubweza kabotolo m'thumba. Anamwetulira akazi awo mokoma mtima, n'kutuluka.

Ine ndinkafuna kutenga mphikawo n'kuuponya pabwalo. Ndinacheukira Lufina kuti ndione ngati akulira. Sankalira. Sankayang'ana mphika, kapena ine, kapena nkhope ya amuna ake. Maso ake anali pa mwendo wawo wamanzere, akuutsatira pamene unkadutsa bwalo lonse mpaka kukafika pa njinga.

"Waona, Eliness?" anatero. "Sakutsimphinanso."